James Conlon akutsanzika ku LA Opera ndi sewero loseketsa la Falstaff

Mu Okutobala 1986 kampani ya LA Opera, ya mumzinda wa Los Angeles ku America, idayamba ntchito yake ndi Otello, sewero loimba la Giuseppe Verdi, wolemba nyimbo wa ku Italy, losimba za mwamuna amene adapha mkazi wake kaamba ka nsanje. Pokumbukira kuti yakwanitsa zaka 40, kampaniyi idaika Falstaff pa ndandanda yake ya miyezi ya Epulo ndi Meyi 2026. Limeneli ndi sewero lomwe Verdi adalemba atatsiriza Otello, ndipo pambuyo pake sadalembenso lina. Namonso muli mwamuna wansanje, wosanthula nyumba yonse kufunafuna chibwenzi cha mkazi wake, koma magazi satayika. Chotayidwa ndi nkhalamba yonenepa, imene aiponyera mumtsinje ili m'dengu la zovala zokachapa.

Woimbitsa wa seweroli ndi a James Conlon, mkulu wa zoimba pa kampaniyi kuyambira 2006 mpaka 2026. Mu Malichi 2024 adalengeza kuti nyengo ya 2025/26 ndiyo yawo yomaliza pa udindowu. Munthu akamatula pansi udindo patatha zaka 20, ambiri amayembekeza kuti atsanzika ndi chinthu cholemera, chokhetsa misozi. Nanga sewero loseketsa lalowa bwanji? Ine ndikuona kuti ndi lomwelo limene lingaonetse poyera zimene a Conlon akhala akumanga zaka zonsezi. Koma kuti zimenezi zimveke, tiyambe tatsikira m'dzenje momwe woimbitsa amaima.

Opera ndi sewero limene mawu ake amaimbidwa m'malo moyankhulidwa. Oimba a pasiteji sagwiritsa ntchito maikolofoni. Holo imene LA Opera imagwiritsa ntchito, ya Dorothy Chandler Pavilion, imalowa anthu oposa 3,000, ndipo mawu a munthu mmodzi ayenera kukafika kumpando wakumbuyo kwenikweni atadumpha gulu la oimba zida oposa 60. Oimba zidawo amakhala m'dzenje lalikulu kutsogolo kwa siteji. Iwo saona zimene zikuchitika pamwamba. Woimba wa pasiteji naye, akamathamanga kapena akatembenuka, samva bwino zida, ndipo akayembekeza kuti amve kaye ndiye kuti wachedwa kale, poti mawu amatenga kanthawi kuti amufike. Munthu mmodzi yekha ndiye amaona mbali zonse ziwiri, ndipo onse amamuona: woimbitsa, ndi kandodo kake.

Amene adaonerapo gule wamkulu adziwa chimene ndikunena. Woimba mbalule sayang'ana ng'oma yake. Maso ake amakhala pa mapazi a chilombo, ndipo ng'oma imalira pomwe phazi lagunda pansi. Woimbitsa wa opera amachita chimodzimodzi ndi mpweya wa woimba. Amaona kuti mayiyu wapuma mochedwa lero, ndiye amakoka pang'ono zida zonse kuti zimudikire, wopenyerera osazindikira kanthu.

Imeneyo ndi ntchito ya usiku umodzi, ndipo mlendo waluso angathe kuigwira. Mkulu wa zoimba ali ndi ina yosaoneka. Mpando wa woimba vayolini kapena lipenga ukakhala wopanda munthu, iye amakhala nawo posankha wolowa m'malo. Amakambirana ndi oyendetsa kampani za masewero amene adzaonetsedwe zaka zitatu kapena zinayi m'tsogolo, chifukwa oimba otchuka amakhala atagwidwa kale ndi makampani ena. Amakhala pa piyano ndi oimba achinyamata kuwaongola katchulidwe ka Chitaliyana ndi Chijeremani. Chaka ndi chaka, oimba zida amazolowera dzanja lake: kagwedezedwe kakang'ono ka chala kamene mlendo akadachita kufotokoza ndi mawu kwa mphindi zisanu. Choncho kamvekedwe ka gulu kamasanduka pang'onopang'ono kutengera khutu la munthu mmodzi.

A Conlon adafika ku Los Angeles atakhwima kale. Adabadwira ku New York mu 1950, adaphunzira pa sukulu ya Juilliard, ndipo mu 1976 adaimbitsa koyamba ku Metropolitan Opera ya ku New York komweko. Sewero la tsiku limenelo lidali The Magic Flute la Mozart, lomwenso LA Opera idaliika pambuyo pa Falstaff kuti atsekere nalo nyengo yawo yomalizayi, patatha zaka 50. Zaka zambiri adagwira ntchito ku Ulaya: ku Rotterdam, ku Cologne kuyambira 1989 mpaka 2002, ndi ku Paris Opera kuyambira 1995 mpaka 2004. Ku LA Opera adalowa m'malo mwa a Kent Nagano, ndipo aimbitsapo koposa ka 400, kuposa woimbitsa wina aliyense m'mbiri ya kampaniyi.

Chimene adzakumbukiridwe nacho kwambiri chidayambira ku Cologne. Monga amasimbira eni ake, tsiku lina ali m'galimoto adamva pa wailesi nyimbo yokongola imene sadaidziwe, ndipo atamva kuti wolemba wake ndi Alexander Zemlinsky adadzifunsa kuti zatheka bwanji kuti munthu wophunzira zoimba moyo wake wonse asaidziwe. Yankho lidali lakuti boma la chipani cha Nazi lidaletsa nyimbo za olemba achiyuda ndi ena amene silidawafune. Zemlinsky adathawira ku America nakafera komweko mu 1942, ataiwalika. Franz Schreker, amene masewero ake ankadzaza maholo ku Germany, adachotsedwa ntchito namwalira mu 1934. Viktor Ullmann adaphedwa ku msasa wa Nazi wa Auschwitz mu 1944. Nkhondo itatha, nyimbo zawo sizidabwerere zokha, poti amene akadazikumbukira ambiri adali atafa kapena atabalalika. Ku LA Opera a Conlon adayambitsa ndondomeko yobwezera masewero oterewa pasiteji, yotchedwa Recovered Voices. Mu 2008 adaonetsa masewero a Zemlinsky ndi Ullmann usiku umodzi, mu 2009 la Walter Braunfels, mu 2010 la Schreker. Mu 2024 adabwezanso la Zemlinsky, ataliphatikiza ndi la William Grant Still, wolemba nyimbo wachikuda wa ku America amene adakhala zaka zambiri ku Los Angeles komweko, yemwenso masewero ake adanyalanyazidwa.

Mpata wautali wa pakati pa 2010 ndi 2024 uli ndi chifukwa chake, ndipo gawo lalikulu la chifukwacho ndi ndalama. Ku Germany boma limathandiza kwambiri makampani a opera. Ku America ndalama za matikiti sizikwana ngakhale theka la zofunika, ndipo zotsalazo zimachokera kwa anthu olemera opereka mphatso. Ngakhale udindo wa mkulu wa zoimba pa LA Opera umatchulidwa ndi dzina la mmodzi wa opereka mphatsowo, Richard Seaver. Mu 2009 ndi 2010 kampaniyi idaonetsa Ring ya Richard Wagner, masewero anayi otenga maola pafupifupi 15 onse pamodzi, koyamba m'mbiri yake. Ntchitoyo idadya madola pafupifupi 31 miliyoni, pa nthawi imene chuma cha dziko lonse chidali chitagwa, ndipo mu Disembala 2009 boma la chigawo cha Los Angeles lidachita kulowererapo kuti kampaniyi ipeze ngongole ya madola 14 miliyoni. Zaka zotsatira masewero adachepa. Woimbitsa wina wa dzina ngati lawo akadalongedza katundu. A Conlon adakhala.

Pali kachinthu kenanso kamene anthu a ku Los Angeles amawadziwa nako. Ola limodzi sewero lisanayambe, amakwera m'chipinda chachikulu cha m'holomo n'kuyankhula kwa aliyense amene wafika msanga, kufotokoza nkhani ya usiku umenewo, kuimbitsa tizigawo tojambulidwa, kuwauza pomwe ayenera kutchera khutu. Akatero amatsika msangamsanga kukaima m'dzenje. Oimbitsa ambiri nthawi imeneyo amafuna kukhala chete m'chipinda mwawo. Ndi iwonso amene adayambitsa mwambo woonetsa sewero laulere m'tchalitchi chachikulu cha Katolika cha mumzindawu, momwe ana asukulu ndi makwaya wamba amaimba limodzi ndi akatswiri.

Tsopano tibwere kwa Falstaff.

Verdi adayesapo sewero loseketsa ali mnyamata, ndipo lidamuotcha. Un giorno di regno lidaonetsedwa ku holo ya La Scala ku Milan mu 1840. Adalilemba ali pa maliro: ana ake awiri adali atamwalira mu 1838 ndi 1839, ndipo mkazi wake Margherita adamwalira ntchitoyo ili mkati. Anthu adalikana usiku woyamba, ndipo lidachotsedwa. Kwa zaka pafupifupi 50 zotsatira adalemba za mafumu, nkhondo, atate otaya ana awo ndi akazi ofa ali achitsikana. Dziko lonse lidamudziwa ngati mwini wa masewero achisoni. Mu 1889 Arrigo Boito, amene adamulembera mawu a Otello, adamutumizira ndondomeko ya sewero lina lochokera kwa Shakespeare. Boito adatenga nkhani ya mu The Merry Wives of Windsor, naidula kwambiri, nabwereka mawu ena a Falstaff kuchokera m'masewero awiri a Henry IV. Verdi ankaopa kuti mwina sakhala ndi moyo mpaka kulimaliza, koma adayamba ndithu, mwakachetechete, akuuza anthu kuti akungodzisangalatsa. Lidaonetsedwa koyamba ku La Scala pa 9 Febuluwale 1893, iye ali ndi zaka 79.

Nkhani yake ndi yapafupi. Sir John Falstaff, nkhalamba yamimba yaikulu, wakhala pa nyumba ya alendo ku Windsor akudya ndi kumwa, ndipo m'thumba mwauma. Akuganiza zofunsira akazi awiri okwatiwa ndi amuna olemera, Alice Ford ndi Meg Page, kuti apeze njira ya ku ndalama za amuna awo. Akuwalembera makalata ofanana liwu ndi liwu, kusiyana dzina lokha. Amayiwo akuonetsana makalata, akuseka, n'kupangana zomulanga. Kumbali, Ford wauzidwa ndi anyamata a Falstaff yemwe, ndipo nsanje yamugwira. Pakati pa chipwirikiti chonsechi pali Nannetta, mwana wa Ford, ndi bwenzi lake Fenton, amene akubera timphindi tokumana pomwe bambo ake akufuna kumukwatitsa kwa dokotala wachikulire.

Chovuta chili m'kalembedwe. Masewero akale a Verdi ali ndi nyimbo zazitali zimene woimba mmodzi amaima nazo patsogolo, anthu n'kuomba m'manja, woimbitsa n'kupumako. Mu Falstaff zoterezi ndi zochepa kwambiri. Palibe ngakhale nyimbo ya zida yotsegulira: zida zingoti gwa, katani yatseguka, munthu akukalipa kale. Kanyimbo kokoma kamatulukira, kusanathe n'kupindika kulowa kwina. Pomwe Falstaff akukumbukira unyamata wake, m'mene adali wowonda, pali kanyimbo kokoma zedi, koma kamatha pasanathe mphindi imodzi. Wina akadakatambasula kukhala nyimbo yonse. Verdi, pa msinkhu umenewo, ankangomwaza.

Taonani gawo lachiwiri, m'munda wa kwa Ford. Amayi anayi ali mbali ino, abambo asanu mbali inayo, gulu lililonse likupanga chiwembu chake. Amayi akuimba mwachangu powerenga katatukatatu, abambo powerenga kawirikawiri, onse nthawi imodzi, ndipo pamwamba pawo Fenton akukoka mawu aatali achikondi. Khutu limene lidakulira pa ng'oma zathu, momwe kawiri ndi katatu zimayendera limodzi, silidabwa nazo. Koma oimbawa ali motalikirana, akuyenda, akuseka, akutchula Chitaliyana mothamanga, ndipo dzanja la woimbitsa ndi limodzi. Mmodzi akaterereka pang'ono, onse asanu ndi anayi agwa.

Kapena taonani chochitika cha dengu. Falstaff wabisidwa m'dengu la zochapa, akutulutsa mutu kudandaula kuti akubanika, amayi akumukankhira pansi uku akunamizira kupinda nsalu. Abambo akugubuduza zinthu m'nyumba monse. Mwadzidzidzi zida zonse zikhala zii, ndipo m'katikati mwa bata limenelo kukumveka kupsompsonana kuseri kwa chotchinga. Ford akutsimikiza kuti wawagwira. Akusonkhanitsa anthu ake monong'ona, akuyandikira pang'onopang'ono, akugwetsa chotchinga, n'kupeza mwana wake ndi Fenton. Kuseka konse kwagona pa kutalika kwa bata lija. Likafupika, anthu samva kupsompsonako. Likatalika, nthabwala yazizira. Papepala palibe chimene chingamuuze woimbitsa kutalika kwake kwenikweni. Amachita kumva holo ya usiku umenewo.

M'sewero lachisoni, woimba wa mawu amphamvu angathe kubisa zofooka za anzake. Anthu amapita kwawo akukamba za iye yekha. Mu Falstaff muli oimba khumi, ndipo palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo seweroli Verdi adalimanga ngati denga lenileni, lofuna mitu yonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake kwa nthawi yaitali oimbitsa ndiwo adalikonda kuposa anthu wamba. Arturo Toscanini, amene ali mnyamata adaimba chelo pa usiku woyamba wa Otello, ndiye adalilimbikira: adatsegulira nalo La Scala mu 1921, adaliimbitsa ku Salzburg kuyambira 1935 mpaka 1937, ndipo chojambulidwa chake cha 1950 anthu akuchimverabe. Carlo Maria Giulini, atasiya kuimbitsa opera ya pasiteji kwa zaka zoposa khumi, adabwerera ndi Falstaff mu 1982, ku Los Angeles komweko, LA Opera isanabadwe. A Conlon nawo adaliimbitsapo pa kampaniyi mu 2013, pokumbukira zaka 200 chibadwire Verdi.

Pali malo amodzi amene ine ndimabwerezabwereza ndikamamvetsera. Falstaff wavuuka mumtsinje, wanyowa, wazizidwa, wakhala panja pa nyumba ya alendo akutukwana dziko kuti laipa. Zida zikulira pansi, mwamdima. Akumubweretsera vinyo wotentha. Akumwa. Chitoliro chimodzi chikuyamba kunjenjemera, ngati kutentha koyamba kukulowa m'mimba. Mavayolini akulandira, kenako zida zina, zina, mpaka gulu lonse likunjenjemera limodzi, ndipo nkhalamba ija yatsitsimuka. Kuti zimveke bwino, woimba aliyense ayenera kudziwa pomwe alowere ndi kukula kwa mawu ake poyerekeza ndi a mnzake, kuti kutenthako kukwere mosadumpha. Zoterezi sizitheka ndi masabata atatu oyeserera okha. Zimatheka ndi anthu amene akhala akumvana kwa zaka. Apa m'pamene zaka 20 za a Conlon zingamveke ndi khutu.

Nanga akachoka? Kulengeza kudakali zaka ziwiri kudali kupatsa kampani nthawi yofunafuna. Makampani amaitana oimbitsa angapo ngati alendo, aliyense ndi sewero lake, kwinaku akufunsa oimba zida ndi akwaya kuti amuona bwanji. A Domingo Hindoyan adaimbitsa Roméo et Juliette ku LA Opera mu Novembala 2024, ndipo mu 2025 kudalengezedwa kuti ndiwo adzalowe m'malo kuyambira Julayi 2026. Adabadwira ku Caracas ku Venezuela mu 1980, adakulira m'ndondomeko yophunzitsa ana zoimba ya El Sistema monga woimba vayolini, adakhalapo wothandizira a Daniel Barenboim ku Berlin, ndipo kuyambira 2021 akutsogolera gulu la Royal Liverpool Philharmonic ku England. Mumzinda momwe pafupifupi theka la anthu ndi ochokera ku mabanja a ku Latin America, mkulu wa zoimba woyankhula Chisipanishi ali ndi khomo limene ena analibe. Mu 2026 momwemo a Gustavo Dudamel, nawonso a ku Venezuela, akusiya gulu la Los Angeles Philharmonic tsidya lina la msewu, kupita ku New York. Mzinda umodzi ukusintha atsogoleri ake awiri a zoimba nthawi imodzi.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo gulu limene lamva dzanja limodzi kwa zaka 20 lingapindule ndi dzanja lina. Za kamvekedwe ka zida sindida nazo nkhawa kwenikweni, poti oimba amene a Conlon adasankha atsala m'mipando yawo. Nkhawa yanga ili pa Zemlinsky, Schreker ndi Ullmann. Masewero awo sagulitsa matikiti ngati sewero lotchuka la La bohème. Adafika pasiteji ya Los Angeles chifukwa munthu mmodzi waudindo adaumirira, napita yekha kukapempha ndalama. A Conlon apatsidwa udindo waulemu wakuti azibwerabe kudzaimbitsa ngati mlendo, koma mlendo sakhala pa tebulo pomwe amadula ndandanda ya zaka zinayi zikubwerazi.

Falstaff amatha pakati pa usiku m'nkhalango ya Windsor. Nkhalamba ija yapusitsidwa kachiwiri, yavala nyanga pamutu, yatsinidwa ndi anthu ovala ngati mizimu. Koma Ford naye wapusitsidwa: wadalitsa ukwati wa mwana wake ndi Fenton osadziwa, pomwe dokotala uja wapezeka atagwira dzanja la mwamuna wovala chophimba kumaso. Apo Verdi adaikapo fugue, mtundu wa nyimbo momwe mmodzi amayamba, wachiwiri n'kulowa ndi mawu omwewo woyamba asanamalize, wachitatu chimodzimodzi, mpaka onse akuthamangitsana koma osagundana. Ndi luso limene ophunzira zoimba amayesedwa nalo pa mayeso. Verdi ali ndi zaka 18 sukulu ya zoimba ya ku Milan idamukana malo, sukulu yomwe lero ikutchedwa ndi dzina lake, ndipo luso limeneli adachita kukaliphunzira kwa mphunzitsi wapadera. Mu 1889, Boito asanamalize n'komwe mawu, Verdi adamulembera kuti wayamba kale kulemba fugue yoseketsa imene ingakwane mu Falstaff. Mawu ake akuti zonse za padziko ndi nthabwala, ndipo tonse ndife opusitsidwa.

Amayamba ndi Falstaff yekha. Fenton akulowa, kenako Quickly, mnzawo wa amayi aja, kenako Alice, mpaka onse khumi pamodzi ndi kwaya ataima mondanda kutsogolo kwa siteji, kuyang'ana anthu. Kumapeto nyimbo imaima mwadzidzidzi, Falstaff n'kubwereza motsitsa, pang'onopang'ono, kuti tonse ndife opusitsidwa, ndipo zida zonse zimaphulika kuthamangira kumathero. Pa mphindi zitatu zimenezo woimbitsa amaloza munthu aliyense pa nthawi yake yolowera, mmodzimmodzi, kuyambira kwa nkhalamba mpaka kwa woimba ng'oma wa kumbuyo kwa dzenje.